Mu Cooja chimanga sichikula, mvula sigwa, ana sakuba mabatire

Akonzi,

Zikomo pondipatsako kadanga. Ndalemba kaamba ka nkhani ija munatulutsa masabata apitawa ya achinyamata a pa koleji ina amene akuti apeza njira yatsopano yoti timasensa ta m'munda tizipatsirana mauthenga, nde munalemba kuti atayesa, mauthenga onse anafika osasowapo olo umodzi komanso kuti batire ikhoza kukhala zaka osasintha. Anzanga pa gulu lathu la WhatsApp anaigawana nkhaniyo ndi timitima ndi timanja toomba, ine ndinangofunsa kafunso kamodzi basi, kuti kodi anayesera kuti, m'munda kapena pa laputopu? Apo nde anandigwera onse, ati ndine wansanje, ati Amalawi sitifunirana zabwino, zakutizakuti mpaka usiku. Chabwino. Koma pa chithunzi chomwe munaikacho, kumbuyo kwa anyamatawo pa sikirini pankaoneka timadontho tokhala ndi manambala ndi bwalo lobiriwira mozungulira kadontho kamodzi, ndipo aliyense amene anagonapo mu labu chifukwa cha pulojekiti ya chaka chomaliza akudziwa kuti imeneyo ndi Cooja, pulogalamu ya pa kompyuta yoyerekezera netiweki ya timasensa, imene timati simyuleta. Si munda umenewo. Ndikudziwa chifukwa nanenso ndinapanga zomwezo, ndinaomberedwa m'manja chimodzimodzi, ndipo manyazi amene anabwera pambuyo pake sanandichokebe.

Ndiyambe ndi tizipangizoti kuti amene sali mu za kompyuta asatisiye panjira. Kamene ophunzira ambiri amakagwiritsa ntchito mu simyuleta kamatchedwa Tmote Sky, ena amati TelosB, ndi kabolodi kosaposa chikhatho koyendera mabatire awiri a AA ngati a mu limoti kapena mu tochi. Ubongo wake ndi MSP430, RAM yake 10 kB, malo osungamo pulogalamu 48 kB, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi chomwe mumajambula pa foni chikukaposa kambirimbiri. Kawailesi kake ndi CC2420, kamayankhula pa 2.4 GHz pomwe pamayankhulanso WiFi ndi Bluetooth, motsatira muyezo wa IEEE 802.15.4, liwiro lake 250 kbps ndipo paketi imodzi singadutse mabayiti 127, yaifupi kuposa SMS ija ya zilembo 160. Chodabwitsa chomwe ambiri sachidziwa nchakuti kawailesi kameneka kamadya moto wambiri pomvetsera kuposa poyankhula, cha m'ma 19 mA pomvetsera ndi cha m'ma 17 mA potumiza. Werengani nokha, batire yabwino ya AA ili ndi cha m'ma 2500 mAh, mukaisiya wailesi ili choyatsa nthawi zonse pakatha masiku asanu yathapo. Nchifukwa chake kachipangizoka kamakhala kali mtulo pafupifupi nthawi yonse, nkumangodzidzimuka pang'ono kumva ngati pali wina akukaitana, mu ndondomeko yotchedwa ContikiMAC kamadzuka kasanu ndi katatu pa sekondi, kakaona kuti kuli zii kamagonanso.

Poti kawailesi nkofooka choncho, kachipangizo, kapena kuti nodi, kamene kali kumapeto kwa munda sikangafikitse uthenga ku nyumba pakokha. Zimakhala ngati pomanga tchalitchi kumudzi anthu akamaima pamzere kupatsirana njerwa kuchokera pa uvuni mpaka pa khoma, aliyense amangoponyera amene ali pafupi naye. Funso nlakuti ndimponyere ndani, nanga amene ndimamponyerayo akagona kapena akachoka pamzere ndipange bwanji. Yankho lomwe a IETF, bungwe lokhazikitsa miyezo ya intaneti, anagwirizana mu 2012 ndi RPL, yolembedwa mu RFC 6550, eni ake amaitchula kuti ripo. Pamakhala nodi imodzi ngati muzu, imeneyo ndi yolumikizidwa ku intaneti kapena ku kompyuta, imafalitsa kauthenga kotchedwa DIO konena kuti ine ndili pano, amene amva amadziwerengera kuti ali patali bwanji ndi muzu, nambala imeneyo amati rank, kenako nawonso amafalitsa DIO yawo, choncho mpaka kumapeto. Nodi iliyonse imasankha kholo, kutanthauza mnzake amene ali kufupi ndi muzu kuposa iyo, nkumatumiza zonse kudzera mwa iyeyo. Kuti uthenga uzithanso kutsika kuchoka ku muzu kupita kwa ana, anawo amatumiza DAO kudzilembetsa, ngati mmene timalembetsera kwa amfumu nthawi ya makuponi. Ndiye pali kanzeru kamene ine kamandisangalatsa mpaka lero, ka Trickle, kamene Philip Levis ndi anzake anakatulukira mu 2004. Nodi ikamva kuti anzake oyandikana nawo anena kale zomwe imafuna kunena, imangokhala chete, ndipo zinthu zikakhala bata imanka italikitsa nthawi yodikira kawirikawiri, koma ikangomva zosemphana imayambiranso kuyankhula pafupipafupi. Akanakhala kuti pa misonkhano ya m'mudzi ndi pa maliro anthu amatsata Trickle bwenzi tikuweruka dzuwa likadalipo.

Tsono pofuna kuona ngati zonsezi zikuyenda pa manodi 50 kapena 100, palibe wophunzira kuno amene angagule tizipangizo tochuluka choncho. Tonse ntoitanitsa kunja, madola ake kuwapeza nkovuta, ukawapeza pali ya kasitomu, ukadikira katundu semesita yatha. Apa nde pamene simyuleta imatipulumutsa ndipo ine sindingainyoze. Contiki, pulogalamu imene imayendetsa tizipangizoti, anaiyamba Adam Dunkels ku bungwe lofufuza la SICS ku Sweden kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Cooja anailemba Fredrik Österlind komweko nkuitulutsa cha mu 2006, ndipo kuyambira 2017 ntchitoyo ikupitirira mu Contiki-NG. Zonse nzaulere, umangofunika bandulo yodawunilodera. Ubwino wa Cooja kuposa masimyuleta ena monga ns-3 kapena OMNeT++ ndi woti khodi yomwe walemba ndi yomweyo ungaiike pa kachipangizo keniyeni osasintha, chifukwa mkati mwake muli MSPSim imene imachita ngati MSP430 yeniyeni malangizo amodziamodzi. Umatha kuimitsa nthawi, kuona kuti nodi 17 yasintha kholo pa sekondi yakuti chifukwa chakuti, kutulutsa mapaketi onse nkuwatsegula mu Wireshark, pulogalamu yoonera za mkati mwa mapaketi, zinthu zoti m'munda ungalire nazo. Mwana wa ku Ntcheu wokhala ndi laputopu ya kaunjika akugwiritsa ntchito chida chomwecho chomwe akugwiritsa a ku Stockholm, chimenecho sichinthu chaching'ono.

Vuto ndi zomwe Cooja imakupatsa ukangodina OK, OK, OK osawerenga. Ukamatsegula simyuleshoni yatsopano imakufunsa kuti mafunde a wailesi aziyenda motani, ndipo chomwe chimakhala chosankhidwa kale ndi UDGM. Imeneyi imati nodi iliyonse ili pakati pa bwalo lozungulira bwinobwino ngati lojambula ndi kampasi, mamita 50 mbali zonse, amene ali mkati mwa bwalolo akumva, amene ali kunja sakumva, kenako pali bwalo lachiwiri la mamita 100 losonyeza pamene ungasokoneze anzako. Mwayi woti paketi ituluke bwino 100 pa 100, woti ilandiridwe bwino 100 pa 100, pokhapokha awiri atayankhulira pamodzi mapaketi nkugundana. Pa mamita 49 uthenga ukufika bwinobwino, pa mamita 51 kulibe kanthu. Dziko lotero kulibe Akonzi. Wailesi yeniyeni ili ndi chigawo chachikulu chapakatikati kumene lero zikumveka mawa ayi, m'mawa zikumveka masana ayi, komanso nthawi zambiri A amamva B koma B samva A, ngati muja mumaimbira foni kumudzi inu mukuwamva agogo bwinobwino iwo akungoti halo halo. RPL inapangidwira dziko losokonekera limenelo, dzina lake lomwe likunena za manetiweki ofooka otaya mapaketi, nde kuiyesa pamalo posataya kanthu kuli ngati kuyesa ambulera mu Ogasiti.

Ine pulojekiti yanga inali yofananitsa njira ziwiri zosankhira kholo, OF0 ndi MRHOF, mutu womwe ndikukhulupirira walembedwapo kambirimbiri m'makoleji a dziko lonse lapansi. OF0 kwenikweni imawerenga kuti pali masitepe angati kukafika ku muzu, ochepa ndiwo abwino. MRHOF imayang'ana ETX, kutanthauza kuti pa njira imeneyi paketi ndimaitumiza kangati kuti ifike ndi kuyankhidwa, nde ikhoza kusankha njira yozungulira koma yodalirika kusiya yachidule yodutsa m'matope. Ndinakhala milungu ndikuyendetsa zimenezi usiku mu labu, magetsi akathima ndimathamangira kukaseva laputopu isanazime, fani yake ikulira ngati chigayo cha dizilo chifukwa manodi 40 a Sky ankailemera moti mphindi imodzi ya mu simyuleta inkatenga nthawi yoti nkuphika tiyi. Magilafu anatuluka okongola, mizere iwiri yoyandikana kumwamba kwenikweni, ndinalemba masamba ambiri kufotokoza kakusiyana kakang'ono kamene kanalipo. Chimene sindinachione ndipo palibe anandiuza nchoti pa UDGM yosataya kanthu ETX ya njira iliyonse imangokhala pafupi ndi 1, ndiye MRHOF imangosanduka yowerenga masitepe ngati OF0 yomweyo. Ndinkafananitsa chinthu ndi mthunzi wake. Kakusiyana kaja kanali ka mwayi chabe, ndipo mwayinso wake unali umodzimodzi tsiku lililonse chifukwa Cooja imayamba ndi nambala ya mwayi 123456, ukapanda kuisintha ukhoza kuyendetsa kakhumi zotsatira zake nkumatuluka zomwezomwezo mpaka kadontho, ine nkumati eee taonani kukhazikika kwake.

Kwina kumene ndinadzinamiza ndi nthawi. Ndinkayendetsa mphindi 10 zokha. Koma mu Contiki, Trickle imayambira pa masekondi 4 ndi kachidutswa nkumawirikiza kawiri mpaka kasanu ndi katatu, kutanthauza kuti nthawi yodikira yaitali kwambiri ndi masekondi pafupifupi 1048, mphindi 17 ndi theka. Simyuleshoni yanga inkatha netiweki isanakhale nkomwe pansi, ndiye chiwerengero changa cha mauthenga oyendetsera netiweki chinali cha nthawi ya chipwirikiti yokhayokha, ngati kuyeza phokoso la kalasi aphunzitsi asanalowe nkumati sukuluyi ndi yaphokoso. Za batire nazo ndi choncho. Energest, mbali ya Contiki yowerengera moto umene wadyedwa, imangowerenga kuti wailesi inayaka nthawi yaitali bwanji, CPU inagwira ntchito nthawi yaitali bwanji, iwe nkuchulukitsa ndi manambala a pa pepala la opanga, nkugawa ndi 2500, basi zatuluka zaka ziwiri. Batire ya mu masamu imeneyo simva kutentha, sichucha, ndipo sinagulidwe pa benchi mumsika itakhala padzuwa miyezi itatu. Komanso ambiri amatenga avereji ya manodi onse pomwe amene amafa msanga ndi awiri atatu oyandikana ndi muzu, chifukwa katundu wa anzawo onse amadutsira pamutu pawo, iwowo akangofa ena onse olo mabatire ali odzaza alibe kolowera.

Nditamaliza sukulu ndinapeza mwayi wobwereka tizipangizo tisanu ndi kamodzi kwa munthu wina amene anabwera nato kuchokera kumaphunziro kunja. Ndinati ndikaonetse amalume kumudzi kuti sukulu yanga ili ndi phindu, ali ndi dimba la chimanga chothirira m'mbali mwa mtsinje. Ndinatiika m'timabokosi ta pulasitiki tija timaikamo chakudya cha ana a sukulu, kumata ndi selotepi, kumangirira pa timitengo tofika m'bondo, kutalikirana masitepe 40 anga poti Cooja inati 50 palibe vuto. Chimanga chinali chikadali chaching'ono, tsiku loyamba zonse zinayenda, manambala a chinyezi akubwera pa laputopu, amalume anaitana anzawo kudzaona, wina anafunsa ngati kachipangizoka kangathenso kuthamangitsa anyani. Masana a tsiku lachitatu nodi yakumapeto inayamba kusowa kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka dzuwa litapendeka, usiku imabweranso yokha. Ndinatsegula kabokosiko masana, mkati munali ngati mu uvuni wa sikono, kabolodi kosagwirika. Pambuyo pake ndipamene ndinadzawerenga kuti ofufuza anayesapo kale zimenezi m'chipululu cha ku Arizona komanso ku TU Graz ku Austria nkupeza kuti wailesi za mtundu wa CC2420 zimafooka zikatenthedwa, potumiza ndi polandira pomwe. Ganizirani za Nsanje ndi Chikwawa mu Okutobala kumene kunja kokha kumadutsa madigiri 40, nanga mkati mwa kabokosi kotseka kali padzuwa. Mu Cooja mulibe Okutobala.

Chimanga chitafika m'chiuno nkupitirira, zinthu zinafika poipa. Masamba ali ndi madzi ndipo madzi amameza mafunde a 2.4 GHz, nde njira zomwe zinali bwino zija zinayamba kuduka imodziimodzi, manodi akusintha makolo ngati malaya, ndipo akasintha Trickle imayambiranso, ma DIO ali mbwee, wailesi sizikugona, mabatire akutha. Nodi ina inalowa nyerere zinamanga nyumba pa bolodi penipeni. Ina ndinaipeza kabokosi kali chotsegula bwinobwino, selotepi atamata pamtengo mwaulemu, bolodi ilipo koma mabatire mulibe, ndipo madzulo ake mwana wina wa pamudzipo anali ndi tochi yowala kuposa anzake onse, sindinafunse zambiri. Pomwe chimanga chimamasula ngayaye, pa laputopu pankangofika za nodi imodzi yoyandikana ndi nyumba. Amalume sanandinyoze, anangoti mphwanga chinyezi ine ndimayeza ndi chala, nkupita kukatsegula ngalande. Mawu amenewo anandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Musaganize kuti izi nzaumphawi wathu kapena kusadziwa kwa ine ndekha. Mu 2005 akatswiri a ku TU Delft ku Netherlands anaika manodi pafupifupi 100 m'munda wa mbatatesi pofuna kuyeza chinyezi ndi kutentha kuti alimi adziwe nthawi yopopera mankhwala a chiwawu. Anthu a ndalama zawo, ma labu awo, ena mwa iwo ndi omwe analemba mapulotokolo amene enafe timangowawerenga. Pa miyezo yonse imene imayenera kufika, inafika pafupifupi 2 pa 100 iliyonse. Chimene ndimawalemekezera nchoti sanabise, analemba zonse zimene zinalakwika nkuzifalitsa mu 2006, ndipo anthu aphunzirapo zambiri pa kulephera kumeneko kuposa pa magilafu okongola ambirimbiri. Anzawo omwewo anapezanso kuti mbewu ikakula mtunda umene wailesi imafika umachepa kwambiri, zomwe ine ndinakazitulukira ndekha ku dimba patapita zaka chifukwa chosawerenga. Kwathu kunonso zoyesa m'munda weniweni zinachitikapo, cha mu 2012 ofufuza a ku Polytechnic, imene pano ndi MUBAS, pamodzi ndi anzawo a ku bungwe lofufuza la ICTP ku Trieste ku Italy anaika masensa a wailesi ya mtundu wa ZigBee m'munda wa chimanga ku Manja mu Blantyre mu pulojekiti yotchedwa WiPAM yoyendetsa ulimi wothirira. Ndiye sikuti njira sinapondedwepo, kungoti ambirife tinazolowera kuthera pa sikirini chifukwa mamakisi amabwera ndithu olo usanadetse nsapato.

Pali kanthu kenanso kamene kamandidandaulitsa ndikamaona malipoti a ana amene amabwera kudzandipempha kuti ndiwaonereko. Kuti simyuleshoni ithamange, ambiri amasankha mtundu wa nodi wotchedwa Cooja mote m'malo mwa Sky, umenewu umayenda pa CPU ya laputopu ndipo sumva kuchepa kwa RAM. Nde munthu amaika manodi 200 mu storing mode, kumene kholo lililonse limasunga mndandanda wa ana ndi zidzukulu zake zonse, zonse nkuyenda bwino. Tengani khodi yomweyo muike pa kachipangizo ka 10 kB muone, mndandanda umadzaza msanga, maina ena amatayidwa, uthenga wochoka ku muzu wopita kukatsegula pampu sufika, ndipo palibe chokuchenjeza. Nchifukwa chake RPL ili ndi non-storing mode kumene muzu wokha ndiwo umasunga njira zonse nkumazilemba pamutu pa paketi, koma nayonso imadya malo m'mabayiti 127 aja amene kale ndi ochepa poti mutu wa IPv6 wokha ndi mabayiti 40 usanafinyidwe ndi 6LoWPAN. Izi nzimene zili nkhani yeniyeni, kusinthanitsa ichi ndi icho, osati kungoti yanga yaposa RPL ndi maperesenti akuti.

Mwina wina afunsa kuti nanga tipange bwanji poti ndalama palibe. Zambiri sizifuna ndalama. Mu UDGM momwemo muli poti nkutsitsa mwayi wolandira kuti paketi izisowa kwambiri mtunda ukamatalika, kungosuntha kamodzi kokha MRHOF ndi OF0 zimayamba kusiyana moonekeratu. Muli DGRM imene umalembamo wekha kuti kuchoka pa nodi iyi kupita pa iyo mwayi ndi wakuti, pobwerera ndi wakuti, nde munthu atabwereka tizipangizo tiwiri tokha, nkupita nato m'munda kuyeza pa mamita 10, 20, 30, m'mawa, masana, mvula itagwa, chimanga chili chachifupi ndi chitatalika, manambala amenewo nkuwalowetsa mu DGRM, simyuleta yake yayamba kununkha dothi la kwathu. Nambala ya mwayi ija aziisintha, ayendetse maulendo 20 kapena 30 nkutionetsa kuti zotsatira zikumwazika bwanji, ayendetse maola osati mphindi 10, aphe nodi imodzi yapakati dala aone kuti anzake atenga nthawi yaitali bwanji kupeza kholo lina. Komanso ku France kuli FIT IoT-LAB, tizipangizo tenitenidi tambirimbiri tomangirira m'nyumba za ku Grenoble, Lille, Strasbourg ndi kwina, umalembetsa pa intaneti nkutumiza khodi yako uli ku Mzuzu. Nzoona kuti m'khonde la ku Grenoble mulibe chimanga, koma wailesi zake nzenizeni, WiFi ya anthu ikusokoneza, makoma alipo, ndipo khodi yambiri yopambana mu Cooja imagwa chagada kumeneko tsiku loyamba.

Ndipo nthawi zina funso loyamba limakhala loti kodi kupatsirana njerwaku kukufunikadi? Ngati cholinga nkungodziwa kuti madzi mu thanki kapena mumtsinje afika pati kamodzi pa ola, wailesi ya LoRa ya pa 868 MHz imaponya uthenga makilomita angapo molunjika ku chipangizo chimodzi cholandirira choikidwa pamwamba, popanda kholo, popanda DIO, popanda zonsezi. RPL ili ndi malo ake, makamaka ikaphatikizidwa ndi TSCH imene imadumphadumpha m'matchanelo 16 a wailesi motsatira ndandanda ya nthawi kuti izembe phokoso, m'mafakitale ndi m'mamita a magetsi a m'mayiko ena ikugwira ntchito. Koma kusankha RPL chifukwa choti ndi imene ili ndi mavidiyo ambiri pa YouTube ndi khodi yokopera, kumeneko nkuyamba ndi yankho kenako nkumasaka funso.

Kwa aphunzitsi athu a m'mayunivesite, ndikupempha mwaulemu, mwana akabwera ndi gilafu ya 100 pa 100 musamupatse A msanga, mufunseni kuti wailesi anaitchera bwanji ndipo nambala ya mwayi anasintha kangati. Ndipo amene wapita kumunda nkubwera ndi theka la mauthenga koma akutha kufotokoza kuti enawo anasowera pati, ameneyo ndiye apatsidwe zambiri, chifukwa pano zili mozondoka, wonena zoona amaoneka ngati walephera. LUANAR ili ndi minda ku Bunda, MUBAS, MUST, Mzuni ndi UNIMA ali ndi ana odziwa khodi, kungogwirizana kugula tizipangizo 30 kapena 40 nkutiika m'munda umodzi chaka chonse, dzinja ndi chilimwe, aliyense azitumizako khodi yake ngati mmene amachitira ku France muja, ndalama yake singafike olo pa mtengo wa galimoto imodzi ya bwana, a NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi luso, atha kuliganizira limeneli. Manambala a mmene wailesi imayendera mu chimanga, mu fodya, mu mzimbe kapena m'minda ya tiyi ya ku Thyolo nyengo ndi nyengo angakhale chinthu chathuchathu choti ngakhale a kunja azibwera kudzatipempha.

Inunso atolankhani Akonzi, sindikuti musamalembe za achinyamata, lembani ndithu amafunika chilimbikitso, koma muzifunsako kuti izi zayesedwa pa kompyuta kapena panja, kwa masiku angati, pa tizipangizo tingati. Akati pa kompyuta palibe cholakwika, mungolemba choncho, chifukwa nkhani ngati ija amawerenganso a mabungwe ndi alimi a masikimu, mawa wina atulutsa ndalama za gulu kugula zinthu poganiza kuti zatsimikizika. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wa mu simyuleta akadali pachala ndipo kunja kuli mphepo.

Kwa anyamata a pa chithunzi aja, sindikukudani, khodi mwalemba ndipo kufika poyendetsa RPL yosinthidwa mu Cooja si masewera, ambiri amathera pa kuinstola. Tizipangizo tija mwini wake anadzandisiyira, tili mu katoni pansi pa bedi, tinayi tikugwirabe ntchito, kamodzi kanadyedwa ndi nyerere kena kanalowa madzi. Ngati mukutifuna lemberani kudzera kwa Akonzi ndikubwerekani mpaka mukolole, amalume dimba lija akadali nalo ndipo adzala kumapeto kwa mwezi uno. Mabatire mubwere ndi anu, ndipo timabokosito mudzamange ndi waya pamwamba poti mwana sangafikire.

Ndatha ine wanu,
Wowerenga wa ku Chilomoni, Blantyre